Chuku ndi zilonda pa nsomba za m'damu

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nsomba zimadya pang'ono ndipo zimafooka. Apa ndi pamene chuku chimagwira makumba, chilunguni ndi milamba m'damu mwanu. Matenda a chuku ofunika kuwadziwa alipo awiri, ndipo chochita chake ndi chosiyana. Yang'anitsitsani nsomba yodwalayo musanachite kanthu.

1. Chuku choyera

Zizindikiro: tinthu toyera kapena totuwa ngati thonje pakhungu, pazipsepse kapena kumutu. Timaoneka bwino nsomba ili m'madzi. Mukaivuula, thonjelo limaphwa n'kungoterera.

Choyambitsa: chuku chimenechi chimakhala m'madzi nthawi zonse, koma chimalowera pomwe mamba asupuka pokoka ukonde, ponyamula mbewu ya nsomba, kapena nsomba zikathithikana.

Chochita:

Patulani nsomba zodwala. Sungunulani magalamu 200 a mchere wa ndiwo m'ndowa ya malita 20 a madzi a m'damu momwemo.

Ikani nsomba zochepa m'ndowamo kwa mphindi 20. Ikayamba kugona chammbali, ichotseni msanga. Bwerezani kamodzi patsiku kwa masiku atatu, ndipo muzizisunga pazokha.

Chepetsani madeya ndi manyowa, chifukwa zotsala zimaola ndi kuipitsa madzi.

2. Zilonda zofiira

Zizindikiro: timadontho tofiira timene timakula n'kukhala zilonda zakuya, zodya mnofu. Nsomba zimasambira mofooka pamwamba pa madzi ndipo zimafa zambiri.

Zikhoza kukhala matenda otchedwa EUS. Anapezeka m'Malawi muno mu 2020, kuyambira m'boma la Mchinji. Chuku chake chimalowa mkati mwa mnofu, kotero mchere suchiza zilondazi.

Chochita:

Dziwitsani mlangizi wa za nsomba tsiku lomwelo. Kutsimikiza matendawa kumafuna kupima, ndipo kuno ku Zomba akatswiri tili nawo ku National Aquaculture Centre ku Domasi.

Musadye kapena kugulitsa nsomba za zilonda. Zakufa zikwirireni m'dzenje kutali ndi madzi, kapena zitentheni.

Musatsegulire madzi a damulo mu mtsinje kapena m'dambo. Madzi a kwathu kuno amathera m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo asodzi a pa Kachulu amadalira nyanja yomweyi.

Kupewa

Ukonde kapena mono wochokera kunyanja usalowe m'damu usanatsukidwe ndi kuuma gwa padzuwa. Gulani mbewu kwa oswetsa nsomba odziwika, osati yotola m'dambo. Pewani kukoka nsomba popanda chifukwa kukamazizira. Mukakolola, phwetsani damu, liume mpaka nthaka ing'aluke, kenako wazani laimu molingana ndi muyeso wa mlangizi.

Ntchito ya pagulu

Pitani ku damu lophunzirira m'mamawa. Werengani nsomba za thonje ndi za zilonda, lembani m'buku la gulu pamodzi ndi tsiku, ndipo gwirizanani amene akadziwitse mlangizi.