"Akita Safa": Mmene Okonda Mafilimu ku Karonga Amaweruzira Zimene Aonera

Tchuthi chikafika, ife amene kwathu ndi ku Karonga timakwera basi ulendo wa tsiku lathunthu, kudutsa Mzuzu, kutsika mapiri a Chiweta, kenako Chilumba, Uliwa, Nyungwe mpaka pa boma. Sipatha masiku awiri tisanakodwe mu mkangano umene sutha chaka ndi chaka. Mkanganowu umapezeka pa shopu yometera, pa malo otchajira mafoni, pa depoti, ngakhale pansi pa mtengo wa mango madzulo kutentha kukachepa. Nkhani yake ndi ya mafilimu: yatsopano ndi iti, wasewera bwino ndani, ndipo bwanji za kwathu kuno sizifika pa za anzathu. Wina amati filimu yopanda nkhonya ndi mankhwala a tulo. Wina amati filimu imene sinamulize misozi yamubera nthawi. Mwana wa sitandade 6 naye amaponyapo lake: "Akita safa!"

Ena amaona ngati uku ndi kucheza chabe. Ife tikuona kuti nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa zimene oonera amakamba ndi zimene zimachititsa kuti filimu ifalikire kapena iiwalike, ndiponso kuti amene adaipanga apeze mphamvu yopanga ina kapena agwe ulesi.

Kodi timaonera kuti?

Ku Karonga kulibe holo ya kanema yoti filimu yatsopano n'kukhazikitsidwiramo monga zimachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mafilimu a Amalawi akamatuluka, mwambo wake umachitikira m'mizinda imeneyi, nthawi zina ku Mzuzu. Kuchokera pa Karonga boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 500. Motero kwa ife "filimu yatsopano" si imene yatuluka dzulo, koma imene yangofika kumene m'manja mwathu.

Njira zimene imafikira ndi zinayi. Yoyamba ndi vidiyo sho, kachipinda ka mabenchi ndi sipika yaikulu pakhomo, koyendera magetsi a Escom, sola kapena jenereta. Yachiwiri ndi dishi: DStv ndi Azam TV, kumene anthu amatsatira mafilimu a ku Nigeria pa Africa Magic, a ku India pa Zee World ndi masewero a ku Zambia monga Mpali ndi Zuba. Yachitatu ndi malo obenera nyimbo, kumene munthu amapereka memore khadi kapena fulashi n'kumuikiramo mafilimu ambirimbiri pa mtengo wochepa. Yachinayi ndi foni, kwa amene akwanitsa kugula bandulo yoonera YouTube.

Njira iliyonse imaumba woonera wake. Wa mu vidiyo sho amaonera pagulu, ndipo filimu amaiyesa ndi phokoso la anzake: ngati anthu sadakuwe, ndiye kuti sinali bwino. Wa pa dishi amazolowera nkhani zazitali zotenga miyezi, choncho amakonda kukamba za khalidwe la anthu a m'sewerolo ngati ndi achibale ake. Wa pa foni amaonera yekha, amadumpha malo otopetsa, ndipo amaweruza msanga. Anthu atatuwa akakumana pa shopu yometera sangagwirizane, chifukwa ngakhale filimu ikhale imodzi, sadaione mofanana.

Mphepo ya ku Tanzania

Chimene chimasiyanitsa Karonga ndi maboma ambiri ndi malire. Kuchokera pa boma kukafika pa chipata cha Songwe ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo anthu amapita ku Kyela ndi ku Mbeya kukapikula katundu tsiku ndi tsiku. Ambiri amamva Chiswahili kuwonjezera pa Chinkhonde, Chitumbuka ndi Chichewa. N'chifukwa chake mafilimu a ku Tanzania, otchedwa Bongo, adazika mizu kuno kuposa kumwera. Dzina la Steven Kanumba, amene adamwalira mu Epulo 2012 ali ndi zaka 28 zokha, likadali muyeso umene akuluakulu athu amayesera osewera atsopano.

Pali chinanso: mafilimu omasulira. Filimu ya ku China, ku India kapena ku America imabwera ndi mawu a munthu wina amene amalankhula pamwamba pake m'Chichewa kapena m'Chiswahili. Womasulirayo samangotanthauzira. Amaika nthabwala zake, amapatsa anthu a m'filimu mayina a kwathu, nthawi zina n'kusintha nkhani yonse. Tikamamva wina akuti filimu yakutiyakuti ndi yoseketsa, ndi bwino kufunsa kuti: woseketsa ndi amene adaipanga, kapena amene adaimasulira? Kawirikawiri timatamanda Jet Li kapena Jackie Chan pa mawu amene iwo sadawalankhulepo.

Mkangano wa chilankhulo

Palibe filimu imene idautsa mtsutso wa chilankhulo kuposa The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka pa Netflix mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Filimuyi idajambulidwa m'Malawi momwe muno, ndipo mbali yaikulu ya zolankhula zake ndi ya m'Chichewa. Koma amene adaitsogolera, n'kuseweranso ngati bambo a William, ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. William adaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake ndi Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal. Mmalawi amene adatenga mbali yaikulu ndi Lily Banda, amene adasewera ngati mlongo wake wa William.

Amalawi ambiri adadandaula kuti Chichewa cha alendowa chinali chopotoka, moti pena timachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa pansi kuti timve chilankhulo chathu chomwe. Ena adayankha kuti popanda dzina la Ejiofor, ndalama zopangira filimuyi sizikadapezeka, ndipo dziko lapansi silikadaona Wimbe. Mbali zonse zili ndi mfundo. Filimu yodula imafuna nkhope yodziwika kuti oika ndalama akhulupirire kuti zibwerera. Komabe khutu la mwini chilankhulo silinamizika.

Kwa ife a ku Karonga mkanganowu uli ndi mbali yachitatu. Pamene anzathu a pakati ndi kumwera ankadandaula kuti Chichewa chapotozedwa, ife tinkadzifunsa kuti ndi liti tidamvapo Chinkhonde m'filimu, chopotoka kapena chowongoka.

Wolakwa ndani filimu ikaipa?

Cholakwika chachikulu pa makangano athu n'chakuti zonse timasenzetsa wosewera, chifukwa ndiye timamuona. Koma filimu ili ngati nyumba: ili ndi amisiri ambiri. Wolemba ndiye amaumba nkhani ndi mawu. Wotsogolera amasankha osewera ndi kuwauza mmene achitire. Wa kamera amasankha zimene diso lathu lione. Wa zomveka amaonetsetsa kuti mawu akumveka popanda mphepo kapena kulira kwa njinga yamoto. Pomaliza, wolumikiza zithunzi amadula ndi kusanja zonse, ndipo ndiye amachititsa kuti nkhani ithamange kapena ikwawe.

Ndiye tikaona munthu akuyenda kuchokera pa geti kukafika pakhomo kwa mphindi zitatu zathunthu, vuto si la wosewera, ndi la wolumikiza zithunzi. Mawu akamamveka ngati akuchokera m'chitsime, ndi vuto la zipangizo zojambulira mawu. Wosewera akamalankhula Chingerezi chimene mayi wa kumudzi sangalankhule, wolakwa ndi wolemba. Tikadziwa izi, kudzudzula kwathu kumakhala kothandiza, osati kungonyoza.

Cholakwika china ndi kusokoneza wosewera ndi mbali imene wasewera. Patience Ozokwor wa ku Nigeria adasewera kambirimbiri ngati mpongozi wankhanza, moti ena amamuda ngati ndi mfiti yeniyeni. Chikhalirecho chidani chimenecho ndi umboni wa luso lake. Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, amene timawadziwa kuti Aki ndi Pawpaw, ambiri ankawayesa ana pamene anali anthu akuluakulu. Ngakhale kuno kwathu, a Michael Usi anthu amangowatchula kuti Manganya, dzina la m'sewero la Tikuferanji limene bungwe la ADRA linkakonza, ndipo dzinali lidawatsatira mpaka pamene adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Funso loyenera si lakuti munthuyu timamukonda kapena ayi, koma lakuti: kodi watikhulupiritsa?

Kodi za kwathu n'zosatheka?

Mawu amene timawamva kwambiri ndi akuti Amalawi sitidziwa kupanga mafilimu. Amene amanena izi kawirikawiri sadaonepo zimene zilipo. Seasons of a Life ya Shemu Joyah, imene idatuluka mu 2008, idachititsa kuti Tapiwa Gwaza alandire mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010. Mu 2012 Joyah adatulutsa The Last Fishing Boat, yojambulidwa ku Mangochi, mmene Hope Chisanu ndi Flora Suya adaonetsa banja la msodzi amene moyo wake ukusokonekera chifukwa nsomba zikutha ndipo alendo odzaona nyanja akubwera ndi ndalama ndi makhalidwe awo. Msodzi wa ku Ngara kapena ku Kaporo angadzione yekha m'filimu imeneyi.

Mu 2016 filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapambana pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards ngati filimu yabwino koposa ya kumwera kwa Africa, ndipo mu 2018 The Road to Sunrise ya Joyah idatenganso mphoto yomweyo. Fatsani ya Gift Sukez Sukali, nkhani ya mtsikana wogulitsa nthochi mumsewu, idatumizidwa kukaimira Malawi ku mpikisano wa Oscars. Mu 2023 School Days ya 4Kaya Films, yonena za nkhanza zimene ophunzira amachitirana kusekondale, idakambidwa kwambiri pakati pa achinyamata, chifukwa ambiri a ife tidadutsamo m'zimenezo.

Zofooka zilipo ndithu: mawu osamveka bwino, nkhani zotalika mosafunikira, mathero othamangitsa. Koma kuyerekeza filimu ya munthu amene wadzikongoza yekha ndi filimu ya kampani ya ku Hollywood kuli ngati kupikisanitsa bwato lopalasa ndi sitima ya Ilala.

Dzanja lathu pa nkhaniyi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wopanga filimu amalipira osewera, kamera, galimoto, chakudya ndi malo ogona. Ndalamazo zimayenera kubwerera kudzera m'matikiti, m'makanema amene agula filimuyo, kapena pa YouTube ngati anthu aonera pa tsamba la mwini wake. Tikaitenga pa malo obenera, ndalama yathu imathera pa kauntala pomwepo, ndipo kwa mwini filimu sikupita ngakhale tambala. Lamulo la umwini wa luso la 2016 limaletsa kukopera ntchito ya wina popanda chilolezo, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Koma lamulo palokha silingafike pa memore khadi iliyonse. Timadandaula kuti mafilimu athu ndi osauka, pamene ife tomwe ndi amene timawasaukitsa.

Tisaiwalenso adzing'ono athu. Malawi ali ndi lamulo la 1968 loyang'anira zisangalalo, ndi bungwe lounika mafilimu limene limanena msinkhu woyenera kuonera. Koma pakhomo pa vidiyo sho zambiri palibe amene amafunsa zaka. Mwana amene wathawa kalasi amakhala pa benchi limodzi ndi akuluakulu, n'kumaona zimene maso ake sadakhwimire. Tikamatamanda filimu pamaso pa ana, tidziwe kuti mawa akaifunafuna.

Mafunso asanu tisanaweruze

Tisananene kuti filimu ndi yabwino kapena yoipa, tingadzifunse mafunso awa. Kodi taionera yonse, kapena tangomva kwa anzathu? Kodi nkhani yake ikutsatika kuchokera poyamba mpaka pothera? Kodi osewera atichititsa kuiwala kuti akusewera? Kodi filimuyi ikutiuza chiyani za amayi, za osauka, za ndalama ndi za chiwawa, ndipo tikugwirizana nazo? Nanga amene adaivutikira apindulapo chiyani pa kuonera kwathu?

Mafunsowa sathetsa mkangano, ndipo sitikufuna kuti uthe. Amangochititsa kuti ukhale wa anthu oganiza.

Chotsala n'chakuti Karonga ali ndi nkhani zimene zikudikira kamera. Pali nkhondo ya Mlozi, wogulitsa akapolo amene adagonjetsedwa mu 1895. Pali nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani imene idamenyedwa pa Karonga mu Seputembala 1914. Pali chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chimene chili m'nyumba yosungiramo zakale pa boma, zivomezi za mu Disembala 2009, mgodi wa Kayelekera, alimi a mpunga wa Kilombero ndi ovina mapenenga. Ambiri a ife tili ndi foni yojambula m'thumba, ndipo pasukulu pano tili ndi anzathu olemba bwino ndi ena ochita zisudzo. Tchuthi chikubwerachi tikakhalanso pa shopu yometera paja. Wina akadzafunsa kuti bwanji palibe filimu ya m'Chinkhonde, tidzamufunse ngati Lamlungu ali ndi mpata, chifukwa tikusowa munthu wogwira maikolofoni.