Thaulo la kumutu: kodi lingakupatseni HIV?

Loweruka ndi tsiku la tsitsi. M'makomo ambiri komanso m'mahostel, atsikana amamasula zoluka, kutsuka m'mutu ndi sopo kapena shampoo, kenaka n'kutuluka m'bafa atakulunga thaulo kumutu ngati duku la amayi a Mvano. Vuto ndi loti mathaulo sakwanira. Pakhomo pa ana asanu pamatha kukhala thaulo limodzi lokha, ndipo ku hostel sipalephera kupezeka wina amene lake lidabedwa pachingwe kapena silinaume. Ndiye kubwerekana kumakhalapo: "Sisi, tandibwerekako thaulo lako, ndikubwezera pompano."

Kubwerekanaku kumayenda bwino mpaka tsiku limene pamveka mphekesera yoti uje amamwa ma ARV. Kuyambira pamenepo thaulo lake palibenso amene amalikhudza. Iyeyo akapempha la mnzake amauzidwa kuti ndi lonyowa, pomwe akuliona lili gwaa pachingwe. Chipeso chomwe wapesera chimatsukidwa mobisa ndi madzi otentha. Palibe amene wamutukwana, palibe amene wamuloza chala, koma mwini wake amadziwa zomwe zikuchitika. Achinyamata ena amayamba kubisa mankhwala kapena kudumphitsa masiku chifukwa cha tizinthu totere, ndipo apa ndi pamene nkhani ya thaulo imasanduka nkhani ya moyo.

Funso loti kodi HIV ingadutse pa thaulo, duku kapena chipeso limamveka kawirikawiri m'makalabu athu, ndipo ambiri amalifunsa monong'ona zokambirana zitatha. Yankho lake ndi lakuti ayi.

Kachiromboka kamadutsa pati?

Kachirombo ka HIV kamapezeka m'magazi, mu umuna, m'madzi a kumaliseche kwa mkazi ndi mu mkaka wa m'mawere. Kuti munthu akatenge, zimenezi ziyenera kulowa m'thupi mwake, ndipo njira zake ndi zodziwika: kugonana kosadziteteza, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa, kulandira magazi osayezedwa, komanso kubayidwa kapena kuchekedwa ndi chida chomwe chili ndi magazi a munthu wina. Thukuta, misozi ndi madzi otsika m'tsitsi sizifalitsa HIV. Khungu labwinobwino ndi mpanda umene kachiromboka sikangabowole. Kuonjezera apo, kakatuluka kunja kwa thupi kamafooka msanga. Sikaswana pa nsalu, ndipo madzi omwe kalimo akauma kamatha mphamvu.

Izi sitikungonena pofuna kukulimbitsani mtima. Madokotala adazifufuza kalekale, nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kugwirana chanza ndi wodwala Edzi. Mu 1986, patangopita chaka chimodzi Edzi itapezeka koyamba m'Malawi muno, Dr Gerald Friedland ndi anzake a pa chipatala cha Montefiore mumzinda wa New York ku America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo adayeza magazi a anthu 101 omwe ankakhala nyumba imodzi ndi odwala 39. Anthuwa anali ana, makolo ndi abale a odwalawo, osati ogonana nawo. Ankagwiritsa ntchito bafa ndi chimbudzi chimodzi kwa miyezi yambiri, ndipo ena mwa iwo ankabwerekana mbale, makapu, zipeso ndi mathaulo ndi odwalawo. Pa anthu onsewo, mmodzi yekha ndi amene adapezeka ndi kachirombo. Anali mwana wa zaka 5, ndipo zidaoneka kuti adakatenga kwa mayi ake pobadwa. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo kunalibe ma ARV ndipo odwalawo anali ndi tizirombo tambiri m'thupi. Ngati thaulo silidafalitse HIV m'nyumba zimenezo, silingafalitse ku hostel kwanu.

Wina afunsa kuti, nanga ngati m'mutu muli chilonda? Funsoli ndi lomveka, chifukwa mankhwala owongolera tsitsi aja a relaxer amawotcha khungu akakhalitsa, ndipo ena amakanda m'mutu mpaka kutuluka magazi. Kuti pakhale chiopsezo pafunika magazi aawisi, ochuluka ndithu, akumane ndi chilonda chotseguka cha munthu wachiwiriyo. Thaulo lomwe lili ndi magazi ooneka musalipukutire, lichapeni kaye ndi sopo. Koma lamulo limeneli ndi la thaulo la munthu aliyense, kaya ndi la mchemwali wanu, la aphunzitsi kapena la abusa, chifukwa simudziwa momwe m'magazi mwa aliyense mulili.

Pali china chomwe osala anzawo saganizira. Kuyambira mu 2004 ma ARV amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo achinyamata ambiri omwe akumwa mankhwalawa lero adabadwa nako kachiromboka. Munthu akamamwa mankhwala tsiku lililonse mwandondomeko, tizirombo timachepa m'magazi mpaka makina oyezera osationa. Munthu wotere sapatsira mnzake HIV ngakhale pogonana. Uwu ndi uthenga uja mumaumva woti T=T, Tizirombo Tochepa ndi Thanzi. Choncho mtsikana amene mukumuthawa chifukwa mudamuona ndi botolo la mankhwala ndi amene wachita zonse zoyenera kudziteteza ndi kuteteza ena. Wofunika kumudera nkhawa ndi uja sanayezetsepo magazi koma zibwenzi ali nazo.

Tsitsi siliyeza magazi

M'zaka za m'ma 1990, mankhwala asanabwere, anthu adazolowera kuyeza anzawo ndi maso. Munthu akaonda, tsitsi n'kupyapyala kapena kufiirira, ankangoti "ndi matenda aja". Chizolowezichi sichinathe. Zoona zake n'zakuti tsitsi limapyapyala kapena kuthothoka pa zifukwa zambiri: kusadya mokwanira, kuchepa kwa magazi, kudwala nthawi yaitali matenda ena aliwonse, kubereka kumene, relaxer woikidwa pafupipafupi, ndi kuluka kokoka kwambiri komwe kumadya tsitsi la pachipumi ndi m'mbali. Mbali inayi, pali anthu ambiri omwe ali ndi HIV koma tsitsi lawo ndi lakuda bii, lodzadza mutu. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa magazi.

Lamulo la HIV ndi Edzi, lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kusala munthu chifukwa cha momwe m'magazi mwake mulili ndipo limateteza chinsinsi chake. Koma lamulo silingalowe m'bafa la hostel kukaona amene wamana mnzake thaulo. Kumeneko ntchito ndi yanu a kalabu.

Komabe aliyense akhale ndi lake

Ndiye kodi tizingobwerekana mathaulo mwachisawawa? Ayi ndithu, koma chifukwa chake si HIV. Pali matenda ena omwe amakondadi nsalu yonyowa.

Oyamba ndi chipere cha m'mutu. Chimayamba ndi tizirombo ta mtundu wa nkhungu tomwe timakhala nthawi yaitali pa zipeso, zipewa, mapilo, mathaulo ndi makina ometera. Chimadya tsitsi mozungulira n'kusiya kadazi kotuwa. Chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha chifukwa tizirombo take timalowa mkati mwa tsitsi. Chimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata angapo, ndipo muyenera kukawalandira kuchipatala. Kupaka phulusa la batire kapena mafuta a galimoto kumangowotcha khungu. Chipere chimagwira mwana aliyense, si chizindikiro choti munthu ali ndi HIV.

Mphere ndi nsabwe nazo zimayenda pa zofunda, zovala ndi mathaulo. Matenda a maso ofiira, omwe adavuta m'maboma ambiri mu 2024, amafala mosavuta anthu akamapukutira nkhope nsalu imodzi. Chimodzimodzi trachoma, matenda a maso omwe amachititsa khungu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2022 kuti Malawi yagonjetsa trachoma ngati vuto la dziko, ndipo kusamba kumaso ndi ukhondo zidathandiza nawo pa nkhondoyi.

Taonani pamene nkhani yatembenukira. Munthu amene chitetezo chake cha m'thupi chatsika ndi amene matenda a pakhungu amamugwira msanga n'kuchedwa kupola. Ngati pali woyenera kuopa thaulo la mnzake, ndi iyeyo, osati inu.

Choncho ngati simubwereketsa thaulo, musabwereke aliyense, ndipo munene poyera kuti ndi khalidwe lanu. Choipa ndi kubwereka anzanu anayi n'kumana wachisanu. Mnzanu akasowa chopukutira, chitenje chochapa bwino chimagwira ntchito yomweyo. Sikuti mpaka thaulo la m'sitolo.

Kaumitsidwe kabwino ka tsitsi

Poti tafika pa thaulo, tinenepo za kagwiritsidwe ntchito kake, chifukwa tsitsi lambiri lomwe limathera pansi limadulidwa ndi eni ake. Tsitsi likanyowa limafooka. Limatamuka ngati mphira ndipo siliduka movuta, makamaka lomwe lidaikidwa relaxer kapena utoto. Kulipukuta mwamphamvu ngati mukukwecha poto kumalikhadzula ndi kulipiringiza, kenaka chipeso chimadzamaliza ntchito.

Mukamaliza kutsuka, finyani madzi ndi manja pang'onopang'ono kuchokera kumizu kupita kunsonga. Weramani, yalani thaulo kuyambira pankhongo, likuteni mutu wonse, potani nsonga zake kutsogolo mosalimbitsa, kenaka dzukani n'kuponya chopotacho kumbuyo. Likamakukokani pachipumi ndiye kuti mwamanga kwambiri. Mphindi 10 kapena 15 zakwana kuti nsalu imwe madzi. Zikatha masulani kuti mphepo imalize. T-shirt yakale ya thonje kapena chitenje chomwe chidafewa ndi kuchapa ndi zabwino kuposa thaulo lokhakhala, chifukwa sizikola tsitsi.

Amene muli ndi zoluka, mesh kapena ma dreadlocks, dziwani kuti kunja kumauma mkati mudakali madzi. Finyirani m'nsalu chingwe chilichonse, ndipo tsukani m'mawa kuti dzuwa likuthandizeni. Kugona ndi thaulo lonyowa kumutu sikubweretsa chimfine monga amanenera agogo, chimfine chili ndi kachirombo kake. Koma kumabweretsa fungo, kuyabwa ndi malo ofunda achinyezi omwe nkhungu imakonda. Miyezi ya June ndi July, makamaka kumalo ozizira ngati ku Dedza, tsitsi lotsukidwa madzulo limafika m'mawa lisanaume.

Thaulo nalo liyanikidwe padzuwa motambasula, osati kulikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Liyanikeni pachingwe, chifukwa pansi pali ntchentche zomwe zimaikira mazira a mphutsi zolowa pakhungu, ndipo kusita kumapha mazirawo. Lichapeni ndi sopo kamodzi pa sabata, osadikira kuti liyambe kununkha.

Choopsa chenicheni ndi lezala

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwe amanyansidwa ndi thaulo la mnzawo amakhala phee pampando wa ometa, lezala lomwe lameta anthu atatu likuyenda m'mbali mwa mutu wawo. Anyamata amakonzetsa m'mbali ndi ndevu, atsikana amametetsa nsidze ku saluni, kumudzi kuli kumeta kwa pamaliro ndi kutema mphini. Monsemu lezala limatha kucheka khungu n'kutenga magazi, ndipo likapita pa munthu wina nthawi yomweyo magaziwo amakhala asanaume. Mwayi wotenga HIV mwa njirayi ndi wochepa poyerekeza ndi kugonana kosadziteteza, koma ulipo, ndipo ndi wosavuta kuupewa.

Palinso matenda a chiwindi a hepatitis B. Kachirombo kake ndi kolimba kuposa ka HIV: kamatha kukhala ndi mphamvu m'magazi ouma pa chitsulo kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Katemera wake adalowa pa ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno mu 2002, kotero ambiri mwa inu mudabayitsa muli makanda, koma achimwene ndi achemwali anu obadwa chakacho chisanafike ambiri sadalandire.

Gulani lezala lanu popita kometetsa, kapena onetsetsani kuti ometawo atsegula latsopano inu mukuona. Makina ometera achotsedwe tsitsi ndi burashi, kenaka apukutidwe ndi spirit asanafike pamutu panu. Kupempha zimenezi si mwano, ndipo ometa odziwa ntchito yawo amachita asanauzidwe. Pamaliro kapena kwa asing'anga n'kovuta kuti wachinyamata atsutse akuluakulu, koma kutulutsa lezala latsopano m'thumba n'kunena kuti "Agogo, ndabweretsa langa" sikunyoza mwambo.

Mukachekedwa ndi chida chomwe chili ndi magazi a munthu wina, tsukani balalo ndi madzi ambiri ndi sopo, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafotokoze zomwe zachitika. Achipatala akaona kuti chiopsezo chilipo amapereka mankhwala oteteza otchedwa PEP. Mankhwalawa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa tsiku lililonse kwa masiku 28.