Akamakana nsima chimanga chili m'nkhokwe

Ku Lifidzi munthu akayamba kuwonda, anthu amathamangira kunena za njala, malungo kapena ufiti. Koma alipo ena amene amakana nsima nkhokwe ili yodzaza. Nthawi zina vuto limakhala la maganizo, ndipo limayambira pakhomo pomwepo: bambo anapita ku Joni n'kungoti zii, ndalama za fodya zathera ku kachasu, kapena mtsikana akunyozedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha thupi lake.

Matenda a kukhumudwa amalanda munthu tulo ndi chilakolako cha chakudya, ngakhale ena amayamba kudya mopitirira muyeso. Palinso anorexia ndi bulimia, matenda amene munthu amadzimana chakudya dala kapena kudzisanzitsa akadya, poopa kunenepa. Amagwira kwambiri achinyamata, ndipo amapha.

Malinga ndi bungwe la zaumoyo la OMS, chisoni chosatha kwa masabata awiri, munthu osakondwanso ndi chilichonse, ndi chizindikiro cha matenda. Kumukalipira pa nthawi ya chakudya kumangokulitsa vuto. Achibale amumvetsere, kenako amuperekeze kuchipatala cha Lifidzi kapena chachikulu cha ku Ulónguè. Akatchula zodzipha, apite naye tsiku lomwelo.