MWINI GALIMOTO NDIYE WOLEMBEDWA M'BUKU

M'boma la Mambwe, nyengo yogulitsa thonje ikatha, alimi ena pamodzi ndi anchito a m'nyumba za alendo ku Mfuwe amapita ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula galimoto. Ena a iwo amabwerera ndi makiyi m'thumba, koma mapepala ali cikhalire m'dzina la wogulitsa. Apa ndipo payambira mabvuto.

Galimoto iri yonse yolembetsedwa m'Zambia iri ndi buku lace lochedwa White Book. Bukuli licokera ku bungwe la Road Transport and Safety Agency, kapena RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la caka ca 2002. Pamaso pa Boma, mwini galimoto ndiye amene dzina lace liri m'bukumo. Wogulitsa akamwalira dzina lisanasinthidwe, abale ace angathe kuiwerengera pa cuma ca masiye, ndipo wogula atsala ndi mlandu wautali.

Cifukwa cace wogula wanzeru sapereka ndalama zonse asanalandire buku lenilenilo, kalata yogulitsirana yosainidwa pamaso pa mboni, ndi kope ya citupa ca NRC ca wogulitsa. Apolisi amayang'ana manambala a injini ndi a thupi la galimoto kuti atsimikize kuti si yakuba. Zitatero, awiriwo asinthitse dzina ku ofesi ya RTSA, monga ya ku Chipata. Inshuwalansi nayonso ikhalepo galimoto isanalowe pamseu.

Nanga lonjezo lija lochedwa waranti? Galimoto yatsopano yogulidwa ku kampani imakonzedwa mwaulere kufikira zaka kapena makilomita olembedwa atakwana, malinga ngati mwini wace aipereka ku galaji yobvomerezeka pa nthawi yace. Matayala ndi zina zotha ndi ulendo, monga zitha msanga pa miseu ya ku Msoro ndi ku Malama m'dzinja, kawiri-kawiri sizilowamo.

Koma galimoto zambiri zofika m'cigwa ca Luangwa ndi zogwirapo kale nchito ku Japan, zolowera pa Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo lonjezo la ozipanga linatha kale. Lamulo loteteza ogula la caka ca 2010 liletsa amalonda kugulitsa katundu woonongeka, ndipo wodandaula angapite ku bungwe la CCPC. Pakati pa anthu wamba awiri, cothandiza ndi cokhaco cimene cinalembedwa, pakuti mau apakamwa ngosabvuta kuwakana.

Wogula atenge makanika womdziwa kuti aione bwino galimotoyo, osakhutira ndi utoto wonyezimira. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.