Lavenda: Duwa Lokana Madzi Ambiri

Pali duwa lina lochedwa lavenda, limene kwao kweni-kweni ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Ndi kacitsamba kakafupi, kotalika ngati mapazi awiri, ka masamba ang'ono otuwa, ndipo maluwa ace ali ndi mtundu wonga wa maluwa a jakaranda. Ku Provence, kumwera kwa dziko la France, alimi alilima m'minda yaikuru m'mapiri a miyala nadula maluwa mu July ndi August. Maluwawo awapitiriza nthunzi ya madzi owira kuti atuluke mafuta onunkhira, amene athira m'sopo ndi m'mafuta odzola. Dziko la Bulgaria nalonso lilima lavenda wambiri wa mafuta.

Tsono munthu wofuna kubzala duwali pakhomo ayenera kudziwa za kwao kumene licokera. Kumeneko mvula igwa nthawi yacisanu, ndipo nthawi yotentha kuuma gwaa. Kuno ndi zosiyana: mvula ndi kutentha zifika pamodzi, ndipo ndico cimene cipha lavenda wambiri. Mizu yace ikakhala m'madzi masiku owerengeka ibvunda, masamba afota, ndipo mwini wace poona kufotako aganiza kuti ndi ludzu, nathiranso madzi. Sabata ziwiri sizitha, duwa lafa.

Cifukwa ca ici lavenda sabzalidwa ku dimba kapena pa dambo. Afuna malo a pamtunda poomba dzuwa tsiku lonse, osati pansi pa mango kapena pa mdontho wa denga. Ngati dothi ndi la makande, ndi bwino kuunda nthumbira ndi kusanganiza dothilo ndi mcenga wa kumtsinje ndi timiyala, kuti madzi a mvula azipita msanga. Phulusa pang'ono lithandiza pa nthaka yowawasa. Manyowa ambiri safunika. Angoculukitsa masamba, maluwa nacepa. Malo ozizira monga Dedza ndi phiri la Zomba ndiwo amuyanja koposa a kucigwa. Kumalo ofunda mtundu wa masamba a mano-mano, umene a maphunziro aucha Lavandula dentata, ndiwo upirira, ndipo upezeka m'minda yambiri ya maluwa ku South Africa.

Njere za lavenda zicedwa kumera. Njira yapafupi ndiyo kudula kanthambi kanthete kopanda maluwa, kotalika mainci 3 kapena 4, kucotsa masamba a m'munsi, ndi kukazika m'citini ca mcenga cobowola kunsi. Ciikidwe pamthunzi, mcenga ukhale wonyowa pang'ono cabe. Patapita sabata 4 kufikira 6 mizu ituluka. Pookera, zitsamba zitalikirane mapazi awiri kapena atatu kuti mphepo izipita pakati. Caka coyamba duwa lifuna kuthirira dothi likauma. Likakhazikika lidzisamala lokha.

Nchito imene ambiri aiwala ndiyo kutengulira. Maluwa akatha, caka ndi caka, nsonga zobiriwira zidulidwe kuti citsamba cikhale cozungulira. Koma mpeni usafike pa thunthu louma la m'kati popanda masamba, pakuti pamenepo kawiri-kawiri sipaphukanso. Citsamba cosatengulira cikhadzuka pakati nicikalamba msanga, pamene cosamalidwa citha kukhala zaka 10.

Maluwa adulidwe m'mawa mame atauma, pamene a m'munsi mwa ngala ayamba kumasula. Amangidwe timitolo ndi kupacikidwa cozondoka m'nyumba mopita mphepo, osati pa dzuwa, cifukwa dzuwa licotsa mtundu ndi pfungo. Akauma, amai asoka timatumba ta nsaru, nathiramo maluwawo, naika m'bokosi la zobvala. Zobvala zinunkhira ndipo njenjete sizikonda pfungolo. Oweta njuci nawonso apindula, popeza njuci zilikonda duwali kwambiri.

Aphunzitsi amene abzala lavenda pa sukulu acenjeze ana kuti mafuta ace ogula m'botolo sali akumwa. Mwana akamwa, apite naye kucipatala msanga.