KASAMALIDWE KA KOMPYUTA M'NYUMBA ZA KU CHUNGA

Masiku ano mabanja ena a ku Chunga, Matero ndi George agula kompyuta, makamaka ija yonyamula m'cikwama yochedwa laputopu, kuti ana aphunzirirepo ndipo akulu alemberepo makalata ofunsira nchito. Zambiri nzogwirapo kale nchito, zogulidwa ndi ndalama zosungidwa miyezi yambiri. Tsono ncomvetsa cisoni kuona cinthu cotere citafa caka cisanathe cifukwa ca kusadziwa. Adani a kompyuta alipo atatu: pfumbi, madzi ndi magetsi osakhazikika.

Mdani woyamba ndiye pfumbi. Aliyense wokhala ku Chunga adziwa pfumbi la mu August kufikira October. M'kati mwa kompyuta muli kafani kamene kakoka mpweya woziziritsa makina. Pfumbi likatseka timabowo todzera mpweyawo, makina atentha, nayamba kucedwa, kenaka nkuzima okha. Cotero musaiike pansi, pa kama kapena pa bulangeti, koma pa thebulo loyera, kutali ndi mbaula. Mukatha nchito, ipukuteni ndi nsaru yofewa youma, ndipo ikazizira ipfundeni.

Mdani waciwiri ndiye madzi. Tiyi ndi munkoyo zisakhale pa thebulo limodzi ndi kompyuta. Nyengo ya mvula yang'anani denga, ndipo ngati madzi amalowa m'nyumba mwanu, isungeni pamwamba. Ikanyowa, izimitseni pomwepo, cotsani cingwe, ndipo musaiyatsenso kufikira mmisiri ataiona.

Mdani wacitatu ndiye magetsi. Magetsi ambiri a ZESCO acokera ku madzi a ku Kariba ndi Kafue Gorge. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madziwo, nyumba za mu Lusaka zinali kukhala mu mdima maora ambiri tsiku liri lonse. Coopsa ceniceni si kuzima kwa magetsi ai, koma kubweranso kwace, pakuti nthawi zina abwera ndi mphamvu yopitirira, naocha caja kapena makina. Magetsi akazima, cotsani pulagi pa khoma. Akabwera, yembekezani mphindi zingapo musanaibwezere. Citani cimodzimodzi pakakhala mphenzi. Amene angathe agule adaputa yochinjiriza ku mphamvu yotere. Mtengo wace ngwocepa poyerekeza ndi wa kompyuta.

Tsopano za kagwiritsidwe kace. Polemba, zolowerani kudina mabatani a Ctrl ndi S pamodzi kawirikawiri. Kutero ndiko kusunga nchito yanu, kuti magetsi akazima isatayike. Makalata ofunika ndi zithunzi musungenso pa fulashi, pakuti tsiku lina makina angafe nazo. Koma cenjerani ndi fulashi imene yalowa m'makompyuta ambiri a kumalo ojambulira mapepala; imanyamula vairasi, ndiyo pulogramu yoononga zolembedwa. Ipimeni ndi antivairasi musanatsegule ziri m'katimo. Pozimitsa, sankhani mau akuti Shut down ndi kudikira. Musazule cingwe makina ali mkati mwa nchito.

Mau anu acinsinsi otsegulira kompyuta, ndi nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni, musauze munthu ali yense, ngakhale wakutumizirani uthenga wonena kuti mwapambana mphotho. Ameneyo ndi mbala.

Inu amene mukuti mugule kompyuta yogwirapo kale nchito, dziwani kuti pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kutumiza kwaulere zokonza za citetezo za Windows 10 kwa anthu ambiri. Funsani wogulitsayo ngati makinawo angalandire Windows 11, ndipo muyese batire lace pamaso pace.

Kompyuta ikabvuta, musaitsegule nokha ndi mpeni kapena sikuludiraiva. Pitani nayo kwa mmisiri wodziwa, ndipo musacite manyazi kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.