Akasintha mapu a ligi, alipira basi ni ndani?

Mukaima pa toll gate ya Shimabala pa Cisanu kapena pa Ciweru m'mawa, nthawi zina mudzaona basi ya timu ya bola ikupita, anyamata ali gone pa mawindo. Kale ulendo wa timu yaing'ono unali waufupi. Manje ena amagona panjira.

Cinasintha ni mapu a ligi. Mu 2019, ba FAZ anafuna kuti kalenda yathu iyendere pamodzi ndi ya CAF. Anagawa Super League pawiri, Stream A na Stream B, matimu 10 uku, 10 uku, ndipo ZESCO United inatenga cikho itagonjetsa Green Eagles pa mapenate. Caka comweco kunabwera National Division One. Kale Division One inali ya ma zone, timu inali kumenyana makamaka ndi anzake apafupi. Manje ni ligi imodzi ya dziko lonse.

Ise a kuno tinaziona pa Kafue Celtic, timu imene anapitamo Patson Daka ndi Enock Mwepu asanapite ku Red Bull Salzburg. Kuti ikwere mu Super League mu 2021, inafunika kukumana ndi matimu monga Kansanshi Dynamos ya ku Solwezi ndi Konkola Blades ya ku Chililabombwe. Ganizani cabe: mafuta, cakudya, malo ogona a gulu lonse, na tsiku lathunthu mu basi. Mu 2022 inatsikanso.

Ubwino ulipo, tisaname. Mwana wa ku Zambia Compound akasewera ndi matimu olimba a ku Copperbelt amakula msanga, ndipo ofuna osewera amamuona. Koma wosapota wa ku Shimabala amene amagwira nchito mpaka pa Ciweru masana sangatsatire timu ku Solwezi. Bola yake yatsala ya pa Khosa Stadium cabe.

Vuto iyi si yathu tekha. Ku America, ma yunivesiti amasewera m'magulu ochedwa conference, ndipo kale gulu inali ya masukulu oyandikana. Mu 2024 zinasokonekera. USC, UCLA, Oregon na Washington anacoka mu Pac-12 n'kulowa mu Big Ten, imene manje ili ndi masukulu 18 ngakhale dzina ikamba khumi. Texas na Oklahoma analowa mu SEC. Stanford na California, masukulu a kumadzulo kwenikweni, analowa mu ACC, gulu la kum'mawa. Pac-12 inatsala na masukulu awiri cabe, Oregon State na Washington State.

Cifukwa? Ndalama za TV. Gulu ikakhala na masukulu ochuka, makampani a TV amalipira maningi. Koma wophunzira wa ku Los Angeles manje amakwera ndeke maola ambiri kukasewera ku New Jersey, pa Mande m'mawa afunika kukhala mu kilasi.

Kusiyana n'kwakuti kuja ndalama ya TV imalipira ndeke. Kuno timu ilibe kampani ya mugodi kapena ya boma kumbuyo imadalira thumba la mwini wake. Thumba likauma, oyamba kumva ni osewera: alawansi yacedwa, basi yacoka usiku kuti asalipire lodge.

So mwana wanu akabwera na nkhani yakuti timu yamutenga, sangalalani, koma mufunse bwino. Timu isewera ligi iti? Maulendo atali alipira ndani? Nanga sukulu pa Cisanu azicita bwanji? Ndipo timu ya kwathu ikasewera pa Khosa, kwerani minibasi mukalipire pa geti. Ndalama yanu yaing'onoyo ndiyo imathandiza kuthira mafuta a ulendo wotsatira.